Command injection: kabokosi kofufuzira mawu kakasanduka khomo la kompyuta

Command injection ndi njira yothyolera tsamba la pa intaneti imene munthu amalemba lamulo la kompyuta pamalo pamene amayenera kulembapo mawu wamba, ndipo makina osunga tsambalo amamvera lamulolo ngati lachokera kwa mwini wake. Vutoli ndi lakale, komabe silikutha. N'chifukwa chake limapezeka kawirikawiri m'mipikisano yoyesa luso lothyola makompyuta, yodziwika ndi dzina loti Capture the Flag, kapena CTF mwachidule.

Pa mipikisanoyi, okonza amasiya dala zofooka m'makina awo n'kubisamo mawu achinsinsi, omwe amawatcha mbendera. Wopeza mbenderayo ndiye amalandira mapointi. Mpikisano wotchuka kwambiri ndi wa pa msonkhano wa DEF CON mumzinda wa Las Vegas ku America, ndipo mpikisanowu udayamba mu 1996. Sukulu ya ukachenjede ya Carnegie Mellon idayambitsa wake wa ana a sukulu, picoCTF, mu 2013. Palinso masewero aulere amene munthu angayese nthawi iliyonse, monga Natas wa gulu la OverTheWire. Magawo atatu a Natas akukwanira kuonetsa mmene vutoli limabadwira, komanso chifukwa chake mankhwala amene ambiri amathamangira sachiza.

Mtumiki wosafunsa

Makompyuta ambiri osunga masamba a pa intaneti, otchedwa maseva, amayendera Linux. M'kati mwake muli pulogalamu yotchedwa shell, imene ntchito yake ndi kulandira malamulo olembedwa n'kuwachita. Shell ili ngati mtumiki wokhulupirika mopitirira muyezo: mukamupatsa kapepala, amachita zonse zolembedwapo, osafunsa kuti mzere woyamba walemba ndani, wachiwiri walemba ndani. Ilinso ndi zizindikiro zake. Chizindikiro cha `;` chimatanthauza kuti lamulo loyamba lathera apa, lina likuyamba. Cha `|` chimatenga zotsatira za lamulo limodzi n'kuzipereka ku linzake. Cha `#` chimauza shell kuti zonse zotsatira izinyalanyaze.

Wolemba pulogalamu ya tsamba akafuna kufupikitsa ntchito, amabwereka mtumikiyu. M'malo molemba yekha njira yofufuzira mawu, amatuma shell kuti iyendetse pulogalamu yomwe ilipo kale. Ngozi imalowa pamene wasakaniza mawu a mlendo ndi lamulo lake mumzere umodzi.

Pa gawo la 9 la Natas pali kabokosi kofufuzira mawu mumndandanda wa mawu a Chingerezi. Pulogalamu yake, yolembedwa mu PHP, imatenga zomwe mlendo walemba n'kuziika pakati pa lamulo ili: `grep -i MAWU dictionary.txt`. Pulogalamu ya grep imafufuza mawu m'mafayilo. Mukalemba liwu wamba, zonse zimayenda bwino. Koma wopikisana akalemba `; cat /etc/natas_webpass/natas10 #`, shell imaona malamulo awiri. Loyamba, la grep, limathera panjira popanda chofufuza. Lachiwiri, la cat, limatsegula fayilo ya mawu achinsinsi a gawo lotsatira n'kuwaonetsa pa tsamba. Palibe loko amene wathyoledwa apa. Seva yangotumidwa, ndipo yapita.

Mpanda wosatseka

Gawo la 10 limaonetsa zimene wolemba pulogalamu aliyense amaganiza poyamba: kuletsa zizindikiro zoopsa. Tsambalo limakana mawu alionse okhala ndi `;`, `|` kapena `&`. Pongoona, khomo latsekedwa. Koma grep imalola kufufuza m'mafayilo angapo nthawi imodzi, ndipo shell imasiyanitsa mawu ndi mpata chabe. Choncho wopikisana amalemba kadontho, mpata, kenaka dzina la fayilo ya mawu achinsinsi. Kwa grep, kadontho kamaimira chilembo china chilichonse, motero imasindikiza zonse zimene zili mufayiloyo. Palibe lamulo latsopano limene lalowetsedwa. Lamulo la mwini wake lomwe lija ndi limene lakhotetsedwa kuti liulule chinsinsi.

Gawo la 16 ndiye lofuna kudekha. Apa zizindikiro zoletsedwa zachuluka, ndipo mawu a mlendo aikidwa m'kati mwa mitengero iwiriiwiri kuti asamwazike. Chimene chidasiyidwa ndi chakuti ngakhale m'kati mwa mitengero yotere, shell imachitabe lamulo lililonse lolembedwa motere: `$(lamulo)`. Vuto la wopikisana n'lakuti zotsatira za lamulo lamkatilo sizioneka pa tsamba. Zimangosanduka mawu ofufuzidwa mumndandanda uja.

Njira yake ndi yofunsa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Wopikisana amalemba `$(grep ^a /etc/natas_webpass/natas17)` n'kulumikiza kumapeto kwake liwu limene akudziwa kuti lili mumndandanda. Ngati mawu achinsinsi sayamba ndi a, lamulo lamkati silibweza kanthu, ndipo liwu lodziwika lija limaoneka pa tsamba monga mwa nthawi zonse. Ngati akuyamba ndi a, mawu achinsinsiwo amamatirira kutsogolo kwa liwulo, pamatuluka chinthu chosapezeka mumndandanda, tsamba n'kukhala lopanda kanthu. Kukhala chete kwa tsamba ndiko yankho. Mawu achinsinsi a Natas ali ndi zilembo 32, zosankhidwa pa zilembo zazikulu, zazing'ono ndi manambala, zonse pamodzi 62. Kuyesa chimodzichimodzi sikungapitirire maulendo 1,984, ntchito imene kapulogalamu kakang'ono kamamaliza munthu asanamalize kumwa tiyi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano wodekhayo ndi makina, ndipo satopa.

Kunja kwa masewero

Wina angaganize kuti zolakwika zoterezi n'za ophunzira okha. Mu Januwale 2024 kudadziwika kuti zipangizo za kampani ya Ivanti, zimene mabungwe amagwiritsa ntchito polola antchito kulowa m'makompyuta a ku ofesi ali kutali, zidali ndi vuto la command injection, ndipo achiwembu adali atayamba kale kuligwiritsa ntchito. Mu Epulo chaka chomwecho vuto la mtundu womwewu lidapezeka m'zipangizo za Palo Alto Networks. Chowawa n'chakuti zonsezi ndi zipangizo zogulidwa kuti ziteteze. Pofika Julayi 2024, mabungwe a boma la America a CISA ndi FBI adatulutsa chenjezo lopempha opanga mapulogalamu kuti athetseretu gulu lonse la zofooka zimenezi, m'malo momata chigamba pa chimodzichimodzi.

Vuto la Shellshock la mu Sepitembala 2014 ndi m'bale wake, ngakhale lidasiyana pang'ono: cholakwikacho chidali mu shell yeniyeniyo, yotchedwa Bash, ndipo chidakhalamo kuyambira 1989 osaoneka.

Njira yodalirika yodzitetezera si kutalikitsa mndandanda wa zizindikiro zoletsedwa, pakuti woteteza ayenera kukumbukira zonse pamene wothyola akungofuna chimodzi choiwalika. Chofunika ndi kusatuma shell n'komwe. Zinenero zolembera mapulogalamu zili kale ndi njira zawo zofufuzira mawu ndi zotsegulira mafayilo. Ngati pulogalamu ina iyenera kuitanidwa ndithu, dzina lake ndi mawu a mlendo ziperekedwe padera, monga mmene subprocess ya Python imachitira ikapatsidwa mndandanda. Mu PHP muli escapeshellarg, imene imakulunga mawu a mlendo kuti shell iwaone ngati chinthu chimodzi, ngakhale nayo sitchinga mawu oyamba ndi kamzere, amene pulogalamu yoitanidwayo ingawatenge ngati malangizo. Pamene choyembekezeka chikudziwika, mwachitsanzo nambala ya foni, ndi bwino kulola manambala okha n'kukana zina zonse. Ndiponso pulogalamu ya tsamba ipatsidwe mphamvu zochepa pa seva, kuti wolowa apeze zipinda zambiri zili zokhoma.

Kusiyana kwa mpikisano ndi mlandu ndi chilolezo. Eni ake a Natas ndi picoCTF adakonza makina awo kuti athyoledwe. Kulemba mawu omwewo m'kabokosi ka tsamba la banki, la sukulu kapena la boma ndi nkhani ina, ngakhale munthuyo atanena kuti amangoyesa. Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Lamulo lomweli ndi limene lidakhazikitsa Malawi CERT, nthambi ya pansi pa bungwe la MACRA yolandira madandaulo ndi malipoti okhudza chitetezo cha makompyuta.