Kamba wa Paulendo: Mbiri ya Mbale ya Mlendo pa Mponela

Nkhani yathu lero ndi ya m'mbale, koma si ya kaphikidwe ayi. Tifuna kuyenda pa msewu umodzi ndi kufunsa funso limodzi: kodi munthu wa paulendo ankadya chiyani pa msewu umenewu, nanga ankamuphikira ndani?

Msewu wake ndi uja wochokera ku Lilongwe kulowera kumpoto, wodzera pa Lumbadzi ndi pa Mtengowanthenga, nufika pa Mponela utayenda makilomita oposa 50, usanapitirire ku Madisi ndi ku Kasungu. Mukaima pa Mponela ndi kuyang'ana kotulukira dzuwa, muona mapiri. M'mapiri amenewo ndimo muli boma la Dowa, ndipo chakumpoto kwake kuli Ntchisi, kumene akuluakulu amakukumbukira ndi dzina lakale la Visanza.

Kale m'dziko limeneli mudalibe nyumba yogulitsiramo nsima. Munthu akati anyamuke ulendo wautali, mkazi wake kapena mayi wake ankagona mochedwa kumukonzera kamba: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha, kathumba ka ufa, ndi thobwa m'chipanda. Kamba ameneyu adali wa usana, wodyera pamthunzi kapena pa dooko la mtsinje. Chakudya cha madzulo sichinkanyamulidwa, pakuti chidali kutsogolo, m'mudzi umene dzuwa likamuloweramo.

Wapaulendo akafika m'mudzi wachilendo sankagogoda pa khomo lililonse. Ankafunsa kwa amfumu, nakhala pansi pa bwalo. Akapuma, akulu ankamufunsa malonje: wachokera kuti, ndi mwana wa yani, kumene wachokako mvula yagwa bwanji, nanga akulowera kuti. Pokhapo mbale zinkayamba kutuluka. Ndipo pano tiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa mwambo wa chidyerano ndiwo unkapepuza katundu wosamala mlendo. Nyumba iliyonse inkatumiza nsima ndi ndiwo zake ku bwalo, amuna nadyera pamodzi, amayi nawonso kwaokha. Tsono mlendo sankalemetsa mphika wa munthu mmodzi. Ankatapa apa nkhwani wotendera, apo nyemba, apo mbewa kapena ngumbi monga mwa nyengo yake, kenaka nakagona ku mphala ndi anyamata. Akakhala mlendo wolemekezeka, nkhuku inkafa. Ankayamba amuonetsa ili yamoyo, ndipo pobwera m'mbale nthutumba inkayenera kupezekamo. Ikasowa, mayi wophikayo adali ndi mlandu woyankha. Thobwa nalo mwininyumba ankayamba walawa, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Akulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho palibe chifukwa chomumana.

Koma tisakometse zakale mopitirira. Malonje aja sadali ulemu wokha, adalinso kufufuza. Angoni a Chiwere atakhazikika m'mapiri a Dowa m'zaka za m'ma 1870, midzi yambiri ya Achewa idadzitchinga ndi malinga, ndipo ena adathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Kunyanja, pa Nkhotakota, kudali a Jumbe, amene maulendo awo ofuna minyanga ndi akapolo ankakwera mapiri omwewa. Nthawi imeneyo nkhope yachilendo ikadatha kukhala ya kazitape. Mudzi unkamudyetsa mlendo, inde, koma utayamba wamudziwa.

Mlendo wa mtundu wina adayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adatsegula Mvera mu 1889, ndipo mu 1894 Robert Blake adayamba ntchito pa Kongwe. Pambuyo pawo padadza mabwana a boma. Mlendo ameneyu sankayenda ndi kamba m'kathumba. Ankanyamulidwa pa machila, ndipo pambuyo pake pankatsata mzere wa amtengatenga atasenza hema, tebulo, mpando, bafa ndi mabokosi a zakudya za m'zitini. Iye sankadikira kufunsidwa malonje. Mesenjala ankatsogola kukauza amfumu kuti bwana agona pano, tsono pafunika nkhuni, madzi, mazira ndi nkhuku. Chimene kale chidali mphatso chidasanduka lamulo. Amtengatenga aja, amene mapewa awo ndiwo adali msewu weniweni wa boma, ankalandira phoso la ufa ndi kamchere, nadziphikira okha patali.

Omvera, ngati tifuna kudziwa pamene chakudya chapamwamba cha Azungu chidayambira kuno, tisayang'ane mu hotela. Chidayambira pansi pa mtengo. Pamenepo ankayala nsalu yoyera pa tebulo, naika mipeni ndi mafoloko, ndipo chakudya chinkabwera motsatana: supu poyamba, kenaka nkhuku yootcha, pomaliza zotsekemera. Zonsezi zinkachokera pa mafuwa atatu. Wophikayo, amene ankamutcha khukhi, adali Mmalaŵi amene adayenda pansi mtunda womwewo umene bwana adayenda ali gone pa machila. Pofika ankapuma ena, iye ndiye ankayamba ntchito. Buledi ankamuphika mumphika wa chitsulo ataika makala pa chivundikiro, kapena m'ng'anjo yoboola pa chulu. Ine ndimaona kuti luso lalikulu pa tebulo limene lija silidali la wogwira foloko. Koma mabuku a nthawi ija adasunga maina a odya, nataya a ophika.

Nyumba imodzi ya masiku amenewo ikadaima m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi. Idamangidwa mu 1914 kuti ikhale ya bwana wa boma la atsamunda, pamalo ozizira pamene kukacha bwino nyanja imaonekera patali kumunsi. Chaka chake nchomwecho chimene idayambika nkhondo yaikulu yoyamba, imene idakokolola amuna ambirimbiri a m'midzi kukasenza katundu wa asilikali. Pambuyo pake nyumbayo idasanduka yogona alendo, ndipo idadziwika ndi dzina la Ntchisi Forest Lodge. Khonde limene kale munthu wakuda ankalikwera atanyamula thireyi, mdzukulu wake adayamba kulikwera ngati mlendo, malinga thumba lilole.

Mahotela enieni adali kutali, ku Blantyre ndi ku Limbe. Wotchuka mwa onse adali wa Ryall's, amene mayi Louisa Ryall adatsegula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Kumenekonso Amalaŵi adali kukhitchini ndi kumbuyo kwa mipando, osati pa mipando. Mu January 1960, pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inkadya nkhomaliro mu hotela ameneyu, panja padasonkhana khamu la anthu ofuna kuti Dr Banda atulutsidwe m'ndende ya Gwelo, ndipo apolisi adalimbana nawo pakhomo pomwepo. Mbiri ya dziko lino idadutsa pa khomo la chipinda chodyera tsiku limenelo.

Tibwerere pa Mponela. Chimene chidaika mtengo pa nsima kuno si Mzungu wa pa machila ayi, koma fodya. Mu 1920 A.F. Barron ndi R.W. Wallace adayamba ulimi wa fodya pa Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, nalimbikitsa anthu a m'midzi kulima fodya wa chikopa. Ulimiwo udafalikira msanga m'zigwa za Lilongwe ndi Dowa, mwakuti mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira misika yake. Tsono taganizani mlimi amene wasenza mtolo wa fodya usiku wonse, wafika pamsika, wapeza anzake mazana ali pamzere. Amfumu a pamenepo sakadatha kudyetsa chinamtindi chotere pa chidyerano. Komanso mlimi uja, akagulitsa, m'thumba mwake munkalira masheleni. Amayi a m'midzi yoyandikira adaona zimenezi msanga kuposa wina aliyense. Adabwera ndi mitsuko ya thobwa ndi malichero a zitumbuwa, nagulitsa pa kobiri ndi pa tiki. Amwenye adamanga masitolo. Amuna obwerera ku Halale ndi ku Joni adabwera ndi chizolowezi cha tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, ndipo ena mwa iwo adatsegula matiirumu: kanyumba ka benchi limodzi, ketulo yakuda ndi mwaye, makapu a chitsulo ndi masikono. Imeneyo ndiyo hotela yoyamba ya munthu wamba. Boma la Dowa lidakhala lobisika m'mapiri mwake ndi maofesi ake, pamene malonda adatsata msewu waukulu. Ndicho chifukwa chake Mponela adakula kuposa boma limene limamulamulira.

Kenaka padadza basi. Kampani ya Nyasaland Transport idayamba mu 1947, ndipo ufulu utabwera idadziwika ndi dzina la UTM, isanagulidwe ndi Stagecoach mu 1989. M'zaka za m'ma 1970 msewu wa Lilongwe ndi Kasungu udaikidwa phula, likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo mu 1983 bwalo la ndege lidatsegulidwa pa Lumbadzi. Basi idasintha kadyedwe kuposa china chilichonse, chifukwa idalanda mlendo nthawi. Uja ankafika madzulo nagona, uyu ankaima mphindi zowerengeka injini ikulira. Chakudya chidayenera kukwera chokha kukamupeza pa windo: mazira owiritsa, nthochi, mandasi, chimanga chootcha, mtedza. Malonje onse adatsala mawu awiri okha, akuti zingati. Amene basi yamuthera ankagona ku resitihausi, nadya nsima ya nyemba kapena ya nyama pa lesitilanti ya pafupi. Ndipo amene adayenda masiku amenewo sadaiwale kuti pakhomo la msika ndi la basi nthawi zina pankaima achinyamata ofunsa khadi la chipani. Wopanda khadi njala inkamupweteka ndalama ali nazo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, maminibasi adachuluka, ndipo m'mbali mwa msewu mudadzaza ziwaya. Mbatatesi ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa idapeza msika pa chiwaya cha tchipisi, pambali pake kanyenya wa mbuzi akununkhira mpaka m'galimoto. Wodya amaima chilili, natola ndi kamtengo, nathira tsabola monga mwa kulimba mtima kwake. Ena amanyoza kadyedwe kameneka, ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023 idakumbutsa dziko lonse kuti madzi osamba m'manja si nkhani yamasewera. Koma anyamata a pa chiwaya adyetsa apaulendo ambiri kuposa mahotela onse a m'chigawo chapakati ataphatikizana.

Mahotela nawo adafika pa Mponela, monga Linde ndi Chikho, koma adamangidwira mlendo wa mtundu winanso. Uyu sadutsa, amabwera kudzakhala pa msonkhano. Mponela ali pafupi ndi likulu mokwanira kuti munthu afike m'mawa womwewo, komanso ali kutali mokwanira kuti msonkhano uwerengedwe kuti wachitikira kunja kwa mzinda, ndipo za malipiro a alawansi amene amatsata pamenepo manyuzipepala adalemba kambirimbiri. Ife tingoona za m'mbale. Chodabwitsa nchakuti bwana wa lero, akaima pamzere wa nkhomaliro mbale ili m'manja, maso ake safuna supu wa m'chitini uja. Amafunsa ngati pali nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Nkhuku ija inkaphedwera mlendo ulere pa bwalo ndiyo yakwera mtengo kuposa ya chizungu. Nthutumba yokha ndiyo sadziwa kuti imapita kwa yani.

Tisanatseke, tikwere phiri pang'ono kulowera ku boma la Dowa, tifike pa Dzaleka. Malo amenewa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale m'nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo, Somalia ndi Ethiopia. Anthu amenewa adafika opanda kamba, koma adabwera ndi maphikidwe a kwawo m'mutu. Adatsegula tinyumba todyera, ndipo chapati cha pa Dzaleka chidatchuka mpaka anthu a ku Lilongwe nkumachilondola, makamaka chiyambire chikondwerero cha Tumaini mu 2014, chimene adachiyambitsa mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume. Apa ndiye zinthu zidatembenuka: mlendo ali pa moto, mwinimudzi wakhala pa benchi kudikira mbale. Ena mwa othawa nkhondowa adatuluka mumsasa nakatsegula masitolo ndi malesitilanti m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu. Mu 2023 boma lidalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka, ndipo apolisi adawatuta pa magalimoto, malonda awo natsekedwa. Msasa umene adaukonzera anthu pafupifupi 12,000 udali utasunga kale anthu oposa 50,000.

Sabata ya mawa, nthawi ngati yomweyino, tidzatsika mapiri a Ntchisi kupita ku Nkhotakota, kukamva za mpunga wa a Jumbe.