Zithunzi za m'minda ya chimanga zomwe zimaoneka ndi droni

Ku America ndi ku Britain kuli alimi omwe amalima chimanga ndi cholinga choti anthu azikasocheramo. M'minda yotereyi, yomwe eni ake amaitcha corn maze, mumadulidwa tinjira tokhotakhota, ndipo alendo amalipira kuti alowemo ndi kudzifunira okha potulukira. Tinjira tonse pamodzi timapanga chithunzi cha nyama, munthu kapena mawu. Koma munthu amene ali mkati amangoona mapesi omuposa msinkhu. Chithunzicho chimaoneka ndi amene ali m'mwamba yekha.

Munda woyamba wotchuka wa mtunduwu udakonzedwa mu 1993 pa Lebanon Valley College m'tauni ya Annville, ku Pennsylvania. Don Frantz ndi Adrian Fisher ndiwo adaukonza, ndipo tinjira take tidajambula dinosaur. Mu 2014 munda wa Cool Patch Pumpkins ku Dixon, m'chigawo cha California, udalowa m'buku la Guinness World Records chifukwa cha kukula kwake, maekala 60.

Chithunzi chimayamba kukonzedwa pa kompyuta. Alimi ambiri amadzala chimanga mothithikana, mizere yopingasana, kuti munthu asamaone kuseri. Chimanga chikadali chachifupi, amadula tinjira motsogozedwa ndi makina a GPS. Alendo amachuluka mu September ndi October, ndipo akatha chimangacho chimakololedwa, nthawi zambiri kukhala chakudya cha ziweto.

Kale mlimi ankachita kubwereka ndege kapena helikopita kuti aone ngati chithunzi chatuluka bwino. Lero droni, kandege kokhala ndi kamera komwe munthu amakawongolera ali pansi, kamagwira ntchitoyi m'mphindi zochepa. Ojambula mongodzisangalatsa amalozetsa kamera pansi penipeni kuti tinjira tisaoneke topendekeka. Amakonda m'mawa kapena madzulo, pomwe dzuwa lapendeka ndipo mthunzi wa mapesi wadetsa tinjirato. Munda ukakula kwambiri, amajambula zidutswazidutswa n'kuzilumikiza pa kompyuta.

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Ku America, bungwe loona za ndege la Federal Aviation Administration silimalola woulutsa droni mongodzisangalatsa kupitirira mafiti 400, omwe ndi pafupifupi mamita 120, ndipo ayenera kumaiona ndi maso nthawi yonse. Droni yolemera kuposa magalamu 250 imayenera kulembetsedwa. Kuyambira mu 2021 aliyense amayamba walemba mayeso aulere otchedwa TRUST, pomwe wofuna kugulitsa zithunzi amafunika chiphaso chapadera.

Kwa mlimi, chithunzi cha m'mwamba ndicho chimaitana alendo. Ndalama za pachipata zimadalira anthu omwe achiona pa intaneti kapena m'nyuzipepala. Koma chithunzi chomwecho chimaulula njira yotulukira, ndipo droni ikhoza kugwera anthu omwe ali mkati. Pachifukwachi minda ina imaletsa kuulutsa droni popanda chilolezo cha mwini wake.