Mankhwala Olimbitsa Mafupa ndi Fupa la Ntchafu

Omvera athu, amene munagwirako ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo mukudziwa kuti tiyi akapanda kudulira amangotalika, masamba anthete n'kuchepa. Fupa la munthu nalonso limafuna kudulira: m'kati mwake muli timaselo tochotsa fupa lakale kuti latsopano limere.

Mu 1995 dziko la America linaloleza mankhwala otchedwa alendronate, othandiza okalamba, makamaka amayi, amene mafupa awo afooka. Ntchito yake ndiyo kumanga manja timaselo todulira tija. Ambiri anapulumuka nawo ku ngozi yothyoka m'chiuno, ndipo zimenezo sitikutsutsa ayi.

Koma mu 2005 madokotala a ku Dallas anasimba za odwala 9 amene mafupa awo anathyoka popanda kugwa. Mu 2007 anzawo a ku Singapore anaona fupa la ntchafu, lolimba koposa m'thupi lonse, litaduka mopingasa ngati choko, mwiniwake akungodziyendera. Timing'alu tinali titaunjikana kwa zaka, wokonza palibe. Mu 2010 boma la America linapereka chenjezo.

Zoterezi n'zosowa ndithu. Komabe lero dokotala amaunikanso wodwala akamwa mankhwalawa zaka 3 mpaka 5, ndipo ntchafu imodzi ikapezeka ndi mng'alu amajambulanso inzakeyo.