Mlendo ndi Mame: Mbiri ya Nsomba ya Mackerel ku Magombe a Cornwall

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu timaunena pofuna kuchenjezana kuti wobwera kwa kanthawi tizimusunga bwino, chifukwa tikamuzunza sadzapondanso pakhomo pathu. Anthu okhala m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Britain ndi Ireland ali naye mlendo wotere, ndiye nsomba yotchedwa mackerel. Owerenga asaisokoneze ndi kalapau wa m'misika yathu, amene ndi wa mtundu wina. Mackerel ndi nsomba yamafuta, yoyera kumimba, yobiriwira kumsana, yokhala ndi mizere yakuda yokhotakhota.

Nsombayi ilibe kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zambiri kuyandama, choncho moyo wake wonse ndi ulendo. M'miyezi yozizira imakhala kutali, m'madzi akuya. Kuyambira cha m'Malichi imaswana, makamaka kumadzulo kwa Ireland ndi ku Bay of Biscay, ndipo kukayamba kufunda, cha m'Meyi ndi Juni, imayandikira kugombe m'magulu akuluakulu, ikuthamangitsa tinsomba ting'onoting'ono. Madzi amachita kubwata, mbalame za m'nyanja zili piringupiringu pamwamba, ndipo aliyense amadziwa kuti mlendo uja wafika. Pofika Okutobala magulu ambiri amakhala atachoka.

Kalekale chimene chinkateteza nsombayi chinali kuvunda kwake. Chifukwa cha mafuta aja, mackerel sichedwa kuwonongeka, mwakuti mu 1698 lamulo linalola kuti izigulitsidwa m'misewu ya London ngakhale Lamulungu, tsiku limene malonda ambiri anali oletsedwa. Msodzi wa kutali ndi mizinda sankaona phindu lopha zochuluka kuposa zimene mudzi ukanadya kapena kuthira mchere. Ku Cornwall, chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa England, kunalinso mpanda wachiwiri. Asodzi ambiri kumeneko anali a mpingo wa Methodist, ndipo mwambo wawo unali wakuti ngalawa sizituluka pa Sabata. Nyanja inkapumula pamodzi ndi eni ake.

Mpanda woyamba unagwa mu 1859, pamene mlatho wa Royal Albert unatsegulidwa pa mtsinje wa Tamar, njanji ya Cornwall n'kulumikizana ndi ya ku London. Nsomba yatsopano inayamba kufika ku msika waukulu isanaole. Koma walira mvula walira matope. Msika womwewo unaitana ngalawa za ku Lowestoft, kum'mawa kwa England, zimene eni ake sankasunga mwambo wa Sabata. Iwo ankaponya maukonde Lamulungu usiku, Lolemba m'mawa n'kugulitsa okha pa mtengo wabwino, eni dera akungoyang'ana.

Pa 18 Meyi 1896 mtima wa anthu a ku doko la Newlyn unasefukira. Asodzi, mothandizidwa ndi khamu la anthu, anakwera m'ngalawa za alendowo n'kutaya m'madzi nsomba za mackerel pafupifupi 100,000. Chipolowecho chinatenga masiku atatu. Anthu a m'tauni yoyandikana ya Penzance anakhalira kumbuyo alendo aja, ndipo boma linachita kutumiza asilikali a Royal Berkshire Regiment ndi zombo zankhondo kuti bata libwerere. Tisawakometse anthu a ku Newlyn koposa muyeso: iwo ankamenyera chipembedzo chawo ndi mtengo wa nsomba, osati tsogolo la nsombayo. Komabe mwambo umene ankautetezawo unali ndi ntchito imene iwo eni sankaiwerengera, ndiyo kuika malire pa dzanja la munthu.

Malire otsalawo anafafanizidwa ndi makina. M'zaka za m'ma 1960 zombo za ku Norway zinalowa m'nyanja ya North Sea ndi khoka lozinga gulu lonse la nsomba n'kulimanga kunsi ngati thumba, likukokedwa ndi injini. Mu 1967 mokha asodzi onse pamodzi anapha matani opitirira 900,000, ndipo patangopita zaka zochepa mackerel wa m'nyanja imeneyo anali atatha mphamvu. Usodzi wa nsomba ina, ya herring, utatsekedwa m'nyanja yomweyo mu 1977, zombo zikuluzikulu za ku Scotland zinatsikira ku Cornwall, kumene mackerel ankasonkhana m'miyezi yozizira. Ku doko la Falmouth kunadzaza zombo za maiko a kum'mawa kwa Ulaya, zogula ndi kukonza nsomba pamadzi pomwepo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nsomba zitachepa, mu 1981 kunakhazikitsidwa dera lotchedwa Mackerel Box, momwe makoka akuluakulu analetsedwa kusaka mackerel pofuna kuteteza nsomba zazing'ono, koma asodzi a mbedza analoledwa kupitiriza. Lamulo linabwera kudzamanga mpanda umene mwambo unkamanga kale popanda wapolisi.

Tiime pang'ono pa mbedzayo, pakuti ndiyo yapirira zonsezi. Msodzi wa ku St Ives kapena ku Newlyn amatuluka m'bandakucha m'kabwato kake, n'kutsitsa chingwe chokhala ndi mbedza zambirimbiri ndi chitsulo cholemera kumapeto. Nyambo safuna, nthenga kapena kanthu konyezimira n'kokwanira, chifukwa mackerel ndi wosusuka, amakhwathula chilichonse chong'anima. Owedza mongosangalala amachita chimodzimodzi ndi ndodo, ataima pa matanthwe kapena pa khoma la doko, ndipo ana ambiri a kumeneko nsomba yawo yoyamba kugwira imakhala imeneyi. Mbedza imagwira nsomba yokhayo imene yaluma. Gulu lotsalalo limapitirira ulendo wake. Khoka la makina silisiya mboni.

Mkangano wa ku Newlyn unadzabweranso, tsopano pakati pa maiko. Cha m'ma 2007 mackerel wambiri anayamba kufika m'madzi a Iceland, ndipo mu 2010 dzikolo linadzigawira lokha matani 130,000, zilumba za Faroe nazo matani 85,000. Mu Ogasiti chaka chomwecho asodzi a ku Peterhead ku Scotland anatsekereza chombo cha ku Faroe chotchedwa Jupiter kuti chisatsitse nsomba padoko pawo. Popeza dziko lililonse linkadzipimira gawo lake, zophedwa zonse pamodzi zinkaposa uphungu wa akatswiri chaka ndi chaka. Mu 2019 bungwe la Marine Stewardship Council linaimitsa chizindikiro chake chovomereza usodziwu, ndipo mu 2025 akatswiri a bungwe la ICES analangiza kuti zophedwa mu 2026 zitsike ndi pafupifupi 70 peresenti.

Owerenga anzanga, mwambo wa malire umaoneka ngati umphawi kwa amene akuusunga mnzake akukolola, ndipo n'chifukwa chake sukhalitsa ukasungidwa ndi mudzi umodzi wokha. Anthu a ku Newlyn anapumula pa Sabata, a ku Lowestoft anadya. Msodzi wa mbedza wasiya gulu lipite, chombo chikulidikira kutsogolo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gombe limodzi silingasunge nsomba yoyenda nyanja yonse.