Chandamale, gogodela ndi kavolovolo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mawu akuti chandamale sitinabwereke kwa mzungu ayi, ndi athuathu. Anyamata akale ankalasa chandamale ndi uta ndi mivi, ndipo ife a m'badwo wa pambuyo tinkachita zomwezo ndi legeni, kuimika chitini pa chitsa n'kumalimbirana kuti ayambe kuchigwetsa ndani. Ndiye kupikisana pa kulasa si kwachilendo kwa munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi. Chachilendo n'chakuti munthu atenge mfuti yeniyeni Loweruka masana, apite nayo pa bwalo lowomberapo, aboole mapepala, basi n'kubwerera kwawo kukamwa tiyi. Kumaiko ena amenewa ndi masewera monga bawo kwa ife. Kuno sanamere mizu, ndipo ine ndikuti chifukwa chake si umphawi wokha. Nkhani yagona pa funso lakuti ndani ankaloledwa kuphunzira kuwombera, ndipo ankaphunzirira kuwombera yani.

Tiyambe taona kamfuti komwe anzathuwo amasewera nako. M'chaka cha 1857 kampani ya Smith & Wesson ya ku America inatulutsa kavolovolo konyamula zipolopolo zisanu ndi ziwiri m'kamgolo kozungulira. Chipolopolo chake, chimene amachitcha .22, n'chaching'ono zedi, m'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 5.6 basi. Mankhwala oyatsira onga sali pakati pa thako la chipolopolocho monga zilili mu mfuti za asilikali, koma m'mphepete mozungulira. Mukakokera kanyundo kumbuyo, kamgolo kamatembenuka, ndipo mukakoka kachitsulo ka pansi, kanyundo kamaphwanya m'mphepetemo, onga n'kuyaka. Kuti kanyundo kathe kuphwanya, chikombole cha chipolopolo chiyenera kukhala chopyapyala, ndipo chopyapyala sichingapirire onga wambiri. N'chifukwa chake kamfutika sikakankha dzanja, sikasokosa kwambiri, ndipo zipolopolo zake n'zotchipa. Mu 1887 kunabwera mtundu wotalikirapo wotchedwa .22 Long Rifle, umene mpaka lero amawombera nawo pa mpikisano wa Olympic wa mamita 25. Komatu musanamizidwe ndi kuchepako, kamapha munthu ndithu.

Kutchipa kumeneku ndiye mutu wa nkhani. Munthu saphunzira kulunjika ndi chipolopolo chimodzi. Amawombera makumimakumi, sabata ndi sabata, kufikira dzanja litasiya kunjenjemera ndipo mpweya utazolowera kudikira. Angerezi anazindikira zimenezi atazunzika ndi Mabunu odziwa kulunjika pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Anabwerera kwawo n'kuyamba kulimbikitsa makalabu a timfuti ting'onoting'ono, mkulu wa asilikali Lord Roberts ali patsogolo, kuti ngakhale munthu wamba wa m'fakitale azidziwa kuwombera.

Tsono tibwerere kwathu. M'chaka chomwecho cha 1857, mapiri athuwa anali pakati pa moto uwiri. Kunyanja, ku Nkhotakota, kunali Jumbe ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo, ndipo kumeneko ndi kumene mfuti ndi onga zinkalowera. M'zaka zotsatira Angoni anafalikira ku mtunda ndi nthungo ndi zishango zawo, ndipo a Chiwere anadzakhazikika ku Dowa. Achewa amene sanagonje anamanga malinga kapena kuthawira m'mapiri. Nkhalango ya phiri la Ntchisi, imene alendo amabwera kudzaonamo mbalame masiku ano, inali pobisalira anthu.

Mfuti ya nthawi imeneyo inali gogodela. Agogo anga aamuna anali nayo ina imene inatsala kwa amalume awo, ndipo ankatilongosolera kadyetsedwe kake ngati akunena za kuphika ndiwo zovuta. Umathira onga kukamwa kwa mfuti, n'kutsindira ndi chiguduli kapena luzi, n'kuponyamo chipolopolo, chikasowa tizidutswa ta chitsulo, n'kutsindiranso ndi kamtengo kake. Ukathira wochepa, njati ikupeza. Ukathira wambiri, mfuti imaphulikira m'manja mwako. Onga ukanyowa ndi mvula ndiye kuti wanyamula chibonga chabe. "Mdzukulu," ankatero iwo, "mfuti iyi imayankhula kamodzi, ndiye umayamba waifunsa ngati mawuwo ndi oyenera." Munthu wotere mungamuuze kuti akawombere pepala? Onga ankagulidwa ndi mnyanga, nthawi zina ndi munthu. Mlenje ankaphunzira kulunjika ndi uta ali mwana, ndipo luso lake ndi mfuti linali kukwawa mpaka pafupi zedi ndi nyama kuti asaphonye.

Amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anafika ku Mvera mu 1889, ndipo mishoni ya Kongwe inatsegulidwa mu 1894. Pakati pa zaka ziwirizi panachitika chinthu kutali kwambiri chimene chinakhudza mlenje aliyense wa kuno. Mu 1890 maiko a azungu anasainirana pangano ku Brussels lothetsa malonda a ukapolo, ndipo m'menemo anaikamo zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa. Zimene zinaloledwa ndi mfuti zachikale ndi onga wamba. Kuthetsa ukapolo kunali koyenera, palibe angatsutse. Koma onaninso mbali inayi: wolamulira atenge mfuti yolankhula kakhumi, wolamuliridwa atsale ndi yolankhula kamodzi. Mwase wa ku Kasungu, amene anali ndi mfuti zambiri ndipo anakana kugwadira boma la Harry Johnston, anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895. Chiwere sanamenye nkhondo.

Apa ndiye pamene masewera owombera chandamale ndi mfuti analowera m'dziko muno, koma analowera pa khomo la azungu. Mu 1901 kunakhazikitsidwa gulu la anthu odzipereka limene pambuyo pake linkatchedwa Nyasaland Volunteer Reserve. Poyamba linali ngati kalabu yowombera basi, eni minda, ogwira ntchito m'boma ndi amalonda kukumana pa bwalo n'kumayesa manja. Munthu wakuda ankaloledwa kuphunzira kuwombera pokhapokha atavala yunifolomu ya King's African Rifles, gulu limene linapangidwa mu 1902, kapena ya polisi. Tanthauzo la masewerawo linaoneka mu January 1915. Anthu a John Chilembwe anapita usiku kukathyola nyumba yosungira zida ya Mandala ku Blantyre chifukwa ambiri mwa iwo anali ndi mikondo yokha, ndipo anatulukamo ndi mfuti zowerengeka. Amene anathandiza asilikali kuwasaka m'masiku otsatira anali omwe aja ankaboola mapepala Loweruka.

Ufulu utabwera mu 1964, ena akanayembekeza kuti khomo lija litsegukira aliyense. Kunena zoona linangosintha mlonda. Lamulo la mfuti la 1967 linati aliyense wofuna kusunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo ine lamulo limenelo ndilibe nalo mlandu. Mlandu wanga uli pa apayoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963 ndi cholinga chooneka chabwino, kuphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel. Koma linadzasanduka gulu la zida la chipani cha Congress, ndipo lamulo linkaliteteza mwakuti wapolisi sankangomanga mpayoniya mwachisawawa. Achinyamata a kumudzi, ena a iwo anzathu amene tinkagwetsa nawo zitini, anaphunzira kuwombera, inde, koma osati pa mpikisano. Anthu a ku Dowa safunika kuuzidwa za nthawi imeneyo. Dzaleka ili pakhomo pawo, ndipo isanakhale kampu ya othawa kwawo mu 1994 inali ndende ya anthu oganiziridwa kuti ndi zigawenga komanso a Mboni za Yehova. Dzina lokhalo likukuuzani chimene womangidwa ankayenera kulonjeza.

Ndimakumbukira m'mene bambo anga ankachitira mawu akuti mfuti akatchulidwa pa bwalo la mowa. Ankayang'ana uku ndi uku, n'kusintha nkhani kuyamba za mitengo ya fodya ku okushoni. Gogodela ya agogo ija anakaitaya m'chimbudzi chakale usiku, osauza ngakhale mayi. Inali itachita dzimbiri, yosatha kupha ndi njiwa yomwe, koma ndani akanakhala pansi kumvetsera zimenezo?

Mapeto a apayoniya tonse tikuwadziwa. Referendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa, kunachitika mkangano ku Mzuzu kumayambiriro kwa December umene unaphetsa asilikali, ndipo pa 3 December gulu la nkhondo linayamba Operation Bwezani, kulanda zida m'mabwalo ndi m'maofesi a apayoniya. Ambiri anathawira ku Mozambique, ena ndi mfuti zawo. Kumeneko nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itangotha mu 1992, ndipo ma AK-47 anali mbwee, opanda mwini. Sizinatenge nthawi kuti ayambe kuoloka malire.

M'zaka zotsatira, umbava wa mfuti unakula m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu, ndipo eni magolosale a ku Mponela ndi ku Madisi anayamba kugona tulo ta kalulu. Ena a ndalama anathamangira ku polisi kukapempha ziphaso za mapisito. Ndinafunsapo mmodzi wa iwo, mnzanga wa kusukulu, kuti chigulireni anawomberapo kangati. Anaseka n'kuti, "Achimwene, zipolopolo zake mukuzidziwa mtengo?" Mfutiyo inkagona pansi pa pilo, m'nyumba ya ana asanu, ndipo mwini wake anali asanaboolepo nayo ngakhale pepala limodzi. Ku Mvera kumene Murray ndi Vlok anamanga mishoni kuli asilikali, ndipo iwowo amaphunzira kulunjika monga ntchito yawo ifunira. Mnzangayo anati anaganizapo zokawapempha kuti amuonetse kagwiridwe kake, koma miyendo inakana kufika pa geti.