Kusonkha

Kusonkha ndi kuika pamodzi zinthu zochokera kwa anthu angapo kuti zigwire ntchito imodzi. Mawuwa amamveka kwambiri kukhitchini. Mayi akamasonkha moto amalozetsa nsonga za nkhuni pakati pa mafuwa, ndipo zikanyeka amazikankhira mkati, komwe ndi kusonkhezera. Pa ndalama tanthauzo lake ndi lomwelo: anthu amasonkha pamaliro, paukwati kapena pokonza mjigo. Mawu oti msonkho anachokera pomwepa, ngakhale kuti msonkho wa boma munthu sapereka mwa kufuna kwake.

M'boma la Rufunsa ku Zambia, lomwe linapatulidwa ku Chongwe m'chaka cha 2012, matanthauzo awiriwa amakumana pa nkhani ya magetsi a dzuwa, omwe ambiri amangoti sola. Kumidzi komwe mawaya a magetsi a ZESCO sanafike, mabanja amatha kusonkha kudzera m'chilimba kapena m'kopaletivi n'kugula mapanelo, mabatire ndi pampu yothiririra dimba. Zipangizozo zimakhala za onse amene anasonkha. Ntchito zikuluzikulu zimadalira bungwe la Rural Electrification Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, kapena thumba la chitukuko la CDF, lomwe mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense.

Chovuta si kusonkha koyamba ayi, koma kwa mwezi ndi mwezi. Batire limatha msanga kuposa panelo, ndipo gulu lopanda thumba lokonzetsera limabwerera ku koloboyi mapanelo ali chikhalire padenga.