Mita Imodzi, Makomo Ambiri

Anthu akamakamba za nyumba zamakono zoyendetsedwa pa foni, ine ndimaganiza za kabokosi kopachikidwa pakhoma m'midzi yozungulira migodi ya pulatinamu ku Rustenburg: mita ya magetsi olipiriratu. Ndicho chipangizo chanzeru chimene anthu a bwalo limodzi kuno amagawana tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri yake ndi yofanana ndi mbiri ya malo ogona a anthu a m'migodi.

Mwala wa pulatinamu wotchedwa Merensky Reef unapezeka mu 1924. Kwa zaka zambiri, amuna okumba mwalawo ankagona m'mahositelo a amuna okhaokha, mabanja atatsala kumudzi. Magetsi anali a kampani. Panalibe wokangana ndi mnzake za bilu, chifukwa panalibenso amene anali ndi ulamuliro pa nyumbayo.

Tsankho litatha mu 1994, makampani anayamba kupereka ndalama yoti wantchito akadzipezere yekha pokhala. Tinyumba ta malata tinachuluka ku Nkaneng, pafupi ndi Marikana, komanso kuseri kwa nyumba za m'malokeshoni. M'zaka za m'ma 1990 zomwezo, Eskom inkafalitsa mamita olipiriratu: munthu amagula mayunitsi n'kulowetsa manambala 20.

Pabwalo pomwe ndimachita lendi, mita ndi imodzi, ili m'nyumba ya alandilodi, ndipo nthambo zimachoka pamenepo kupita kuzipinda zathu. Timasonkha mofanana, koma wina ali ndi firiji, wina amaphika pa hotipuleti, wina amangotchaja foni. Mita imawerenga zonse pamodzi; siisiyanitsa kuti wadya zambiri ndani. Amene tinali kuno pa sitiraka ya miyezi isanu ya 2014 tikukumbukira momwe amene anali ndi kangachepe ankagulira bwalo lonse mayunitsi, ena n'kudzabweza malipiro atayambanso.

Pofika pa 24 November 2024, mamita amenewa anayenera kulowetsedwa manambala atsopano kuti apitirize kulandira mayunitsi. Ife alendi tinangodikira mwini bokosi, pakuti nambala ya mita ndi mabatani ake zili m'manja mwake.

Lero mayunitsi timagula pa foni, usiku uliwonse, osapita kusitolo. Koma funso la m'hositelo lija silinachoke: ndani ali ndi mphamvu yoyatsa ndi kuzimitsa? Kale inali kampani. Lero ndi munthu amene timapatsana naye moni m'mawa.